Sipuni ya shuga ndi kope la ngongole

Okala yanga ndimatsegula kusanache bwino, chifukwa kuno ku Bangwe kasitomala woyamba amakhala mayi wofuna kuti mwana amweko tiyi asanapite kusukulu. Sabwera kudzagula paketi ya shuga ayi. Amafuna wa m'kapepala, wongokwana makapu awiri. N'chifukwa chake usiku uliwonse ndikatseka ndimakhala pamphasa ndi paketi ya kilogalamu imodzi, sipuni ndi timapepala, n'kumagawa. Mafuta ophikira chimodzimodzi: ndimaoda chigubu cha malita 20 ku Limbe, n'kumathira m'timachubu. Luso lonse lagona pamenepa. Dzanja likalemera pang'ono, phindu la chigubu chonse lapita. Likapepuka, amayi amaona msanga, ndipo mawa adzadutsa pakhomo pako ngati sakukudziwa.

Malume amene anandiphunzitsa geniyi ankati poika mtengo usamayang'ane zomwe unaodera dzulo, uziyang'ana zomwe ukaodere mawa. Ndinkangovomera ndi mutu mpaka mu November 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Anzanga ena anatseka kaye kuti aone komwe mphepo ilowere. Ine manyazi anandigwira. Ndikanamuuza bwanji mnansi wanga kuti sopo amene anamuona pashelefu dzulo wakwera usiku? Ndinagulitsa pamtengo wakale sabata yonse. Nditapita kokaoda, ndalama imene inkandipatsa makatoni asanu inandipatsa atatu. Chikwama chinali chotupa, koma mashelefu anali ndi mipata ngati mano a nkhalamba. Mpamba umenewo ndinaubweza ndi ngongole ya banki mkhonde, ndipo inandithera miyezi.

Tsiku la mwezi ndimalidziwa posayang'ana kalendala. Malipiro akangotuluka, anthu amagula shuga wa paketi, Chombe wa bokosi, buledi ndi majarini, mwina ndi botolo la Sobo la ana. Pofika pa 15 tabwerera ku timachubu, soya pisi ndi dzira limodzi. Januwale ndiye amauma gwa: fizi, feteleza, chimanga chokwera mtengo. Nthawi imeneyo ufa wa wokumani ndi umene umayenda, ndipo munthu akaugula amaubisa m'chitenje. Ine ndimamukulungira m'nyuzipepala asanapemphe.

Pansi pa kauntala pali kope. Banja lililonse lili ndi tsamba lake. Alipo amene amandilangiza kuti ndipachike chikwangwani choletsa ngongole, koma iwowo sanaonepo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi ataima pawindo, ali, "Akuti muwapatseko mchere ndi machesi, abweza bambo akabwera." Mabanja a m'kopemu ndi omwe anandiphikira pamaliro a amayi anga. Komabe kope lili ndi malamulo ake. Fodya ndi zakumwa sindikongoza. Tsamba likadzadza sinditsegula lina lakale lisanachepe. Ndipo ngongole sindiitchula pagulu. Ndimapita ndekha kunyumba, madzulo, n'kuyamba ndi kufunsa za ana.

Masiku ano ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo vuto la chenje lachepa. Kale munthu ankabwera m'mamawa ndi K5,000 kudzagula machesi, ine n'kumazungulira mzere wonse kufuna zosintha. Chatsala n'kudikira uthenga ulowe pafoni yanga ndisanapereke katundu, ngakhale wogulayo andionetse wake.

Pali tsamba limodzi limene sindiliwonkhetsa. Ndi la agogo ena amene akulera zidzukulu zinayi kuseri kwa tchalitchi. Amabwera Loweruka lililonse, amatenga sopo, mchere ndi kachubu ka mafuta, n'kunena kuti, "Lembani, mwanangu." Ndimalemba, chifukwa ndikapanda kutero sangabwerenso. Mu April amandibweretsera maungu awiri ndi mtedza wa m'mbale, ine n'kudula mzere tsamba lonse iwo akuona.