Ndimaveka mileme tizipangizo

Kwathu ndi ku Kabwe, koma mwezi wa Okutobala ukamatha ndimalongedza maukonde, sikelo ndi magolovesi, n'kuuyatsa ulendo wa ku paki ya Kasanka kudzera ku Kapiri Mposhi, Mkushi ndi Serenje. Kumeneko, m'kankhalango ka Fibwe, mileme yodya zipatso imasonkhana miyandamiyanda mpaka Disembala, kutsata masuku. Ntchito yanga ndi kuiveka tizipangizo ta GPS kuti akafukufuku adziwe kumene imapita.

Ukonde timatchera m'bandakucha, mileme ikamabwerera kogona. Imaluma zolimba, n'chifukwa chake palibe amene amaigwira asanabayitse katemera wa chiwewe. Ndikauwonjola mleme, ndimayamba ndauyeza pasikelo. Waukulu umalemera magalamu 250 mpaka 300, ndipo kachipangizo sikayenera kupitirira magawo 5 pa 100 a kulemera kwakeko. Wokhala ndi bere timautaya nthawi yomweyo.

Luso lagona pa kamangidwe ka kolala. Ukathinitsa, mleme umavutika kumeza. Ukalekerera, umaivula ndi zikhadabo tsiku lomwelo. Muyeso wake amaudziwa ndi zala, osati buku. Ndimasoka ndi ulusi woti udzaduke wokha, chifukwa nyama yatithandiza siyenera kufa ndi katundu wathu m'khosi. Kenaka timaimika mlongoti pafupi ndi pogona pake, woti uzikoka pawailesi zonse zimene kachipangizo kalemba usiku, ife n'kuziona pakompyuta ngati mizere pamapu.

Amene anatsegula njirayi ndi Heidi Richter ndi Graeme Cumming. Mu 2008 anafalitsa zimene anapeza atalondola mileme inayi ya ku Kasanka ndi setilaiti: ina inkakadya kutali makilomita oposa 50 usiku umodzi, ndipo umodzi unauluka makilomita oposa 2,500 m'masiku 149, kulowera ku Congo.

Mizere ya pamapu ija ndi imene imandisowetsa tulo. Paki imateteza pogona, koma chakudya chambiri chili kunja, m'nkhalango za mafumu, momwe mitengo ikugwa chifukwa cha makala ndi mafamu akuluakulu. Matumba a makala amene andandalikidwa m'mbali mwa msewu wa Great North ndi omwewo timaphikira kuno ku Kabwe. Chonsecho mileme ndiyo imamwaza njere zomeretsa nkhalango imeneyi.

Mafumu athu ndi inu alimi a ku Serenje ndi Mkushi, potsegula minda chonde siyani mitengo ya masuku ili chiimire.