Ng'oma Imamva Phazi

Pa ukwati wa mdzukulu wawo ku Mubaira, agogo ena obadwira ku Dedza anakana kuvina. Anangokhala pamthunzi, chipewa chili pabondo, pamene anyamata a zimkuzamawu ankasinthasintha nyimbo za Alick Macheso pa kompyuta. Achibale ankayesa kuti miyendo yawatha.

Mkuluyu anafika ku mgodi wa Cam and Motor, pafupi ndi Gatooma, amene lero ndi Kadoma, m'zaka za m'ma 1950. Nthawi imeneyo Skokiaan ya August Musarurwa, imene Louis Armstrong anaijambulanso mu 1954, inkalira m'magalamafoni a m'komboni. Koma dansi imene mkuluyu amaikumbukira ndi ya Loweruka, pamene woimba lipenga ankayang'ana mapazi a ovina. Awiri akayamba kuzungulirana bwino, iye ankatalikitsa nyimbo, akatopa, ankaifewetsa. Izi sizinali zachilendo kwa Mchewa, pakuti ku bwalo la gule wamkulu woimba mbalule amatsata phazi la wovina.

"Agogo, kodi simukondwera nane?" anafunsa mkwatibwi atagwada pambali pawo.

"Ndakondwera, mdzukulu wanga. Koma makinawa sandiona. Ndikachedwa sandidikira."

Mkwatibwiyo anali ndi zifukwa zake. Kuitana oimba kuchokera ku Chegutu kukanafuna galimoto, chakudya ndi malipiro, pamene banja linali litagulitsa kale mbuzi kuti alendo adye. Ndiponso agogowo sakanakana kuti lipenga la Musarurwa likumvekabe lero chifukwa cha mbale za galamafoni zomwezo. Chojambulidwa chimasunga mawu a amene anapita, ndipo chimafika pa ukwati wa m'mphawi. Chimene sichingathe ndi kubweza moni kwa wovina.

Dzuwa litapendeka, mafuta anatha mu jenereta. Podikira amene anapita kukagula ena, amayi a mabanja ochokera ku Malawi anayamba nyimbo ya ukwati ya kwawo, akuwomba m'manja. Agogo aja anasiya ndodo, nalowa m'bwalo atagwira dzanja la mkwatibwi. Phazi lawo linali lolemera, ndipo manja a amayiwo anachepetsa liwiro mpaka analingana nalo, popanda wowauza.

Anavina nyimbo ziwiri. Jenereta italiranso, anabwerera pamthunzi paja, natola chipewa chawo.