Ku Joni agalu amasambira m'galimoto

Kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, ku Randburg, Bryanston ndi Fourways, nyumba sizioneka. Chimene umaona ndi mipanda italiitali ya mawaya amagetsi pamwamba, mitengo ya jacaranda ndi mageti otseguka okha. Kuseri kwa mpanda kumamveka galu, koma si galu wakwathu uja wogona paphulusa n'kumadikira mkute. Wakuno ali ndi dokotala wake, pogona pake, ndipo pakapita masabata angapo ayenera kusamba, kumetedwa ndi kuwengedwa zikhadabo. Eni ake amakhala ali ku ntchito. Mpata umenewu ndi umene alamu anga anauona.

Anafika ku Joni ngati wosamalira maluwa, kenako anagwira ntchito zaka zinayi pamalo ena osambitsira agalu. Lero ali ndi vani yawoyawo, Toyota Quantum yakale yonyamulira katundu. Ndinawaperekeza tsiku lathunthu, kuchoka ku Cosmo City m'mamawa mpaka kutsika Winnie Mandela Drive, msewu umene mpaka 2023 unkatchedwa William Nicol.

Ukatsegula chitseko cham'mbali, umakhala ngati walowa m'bafa yam'tauni. Pansi anayala labala wosaterera, makoma anakuta ndi mapulasitiki olimba kuti chitsulo chisachite dzimbiri. Kumbuyo kuli bafa lachitsulo lofika m'chiuno, pakati pali tebulo lokwera ndi kutsika. Masizasi, zipeso, makina ometera ndi matawulo zili m'makabati otsekeka bwino, poti pa hampu chilichonse chimauluka.

"Alamu, anthu amaona ngati ntchitoyi ndi ya sizasi," anatero. "Ayi. Ndi madzi, magetsi ndi mpweya."

Madziwo amayenda nawo m'thanki ya malita 200. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki yodzaza ndi katundu wolemera ngati matumba anayi a chimanga. N'chifukwa chake anaimangirira pansi, pafupi ndi matayala akumbuyo, kuti galimoto isamapendeke pokhota. Pali thanki ina ya madzi akuda, poti kuthira thovu ndi ubweya pakhomo pa kasitomala n'kudzichotsa ntchito wekha. Kagiza ka gasi kamatenthetsa madzi. Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700, ndipo mu June ndi July kumazizira moti udzu umayera ndi chisanu m'mawa.

Magetsi amachokera ku mabatire, inverter ndi sola ya padenga. Chaka cha 2023, pamene magetsi ankazimazima pafupifupi tsiku lililonse ku South Africa, amene ankadalira kulumikiza waya m'nyumba ya kasitomala ankangokhala manja lende. Chodya magetsi kwambiri ndi makina owumitsira ubweya. Jenereta angathe kugwiritsa ntchito, koma phokoso lake limaopseza agalu n'kukwiyitsa aneba.

Za mpweya anazilankhula nkhope ili gwa. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu. Vani yotseka masana a mu December, makina owumitsira akulira, ingathe kumupha, makamaka agalu a mphuno zophwatalala monga pug ndi bulldog. Choncho padenga pali fani yotulutsa mpweya wotentha, amaimika galimoto pamthunzi, ndipo galu samusiya yekha patebulo ngakhale foni ilire bwanji.

Ku Bryanston tinayamba ndi kagalu koyera ka ubweya wopotana, konjenjemera ngati kapita kukabayitsa jekeseni. Alamu anayamba akanunkhizitsa dzanja, n'kukalankhula m'Chichewa: "Iwe, bwera kuno, usaope." Asanakathire madzi anakafufuza m'makutu ndi pakati pa zala. Amasaka nkhupakupa, zimene zimafalitsa matenda amene kuno amati biliary, ndipo zimachuluka m'nyengo yamvula. Akapeza chotupa kapena bala, sapereka mankhwala. Amajambula n'kutumizira mwini wake pa WhatsApp kuti apite kwa dokotala wa ziweto. Kasitomala watsopano amamufunsanso kadi ya katemera wa chiwewe, amene lamulo la dzikolo limakakamiza galu aliyense kulandira.

Chinandikhudza kwambiri ndi pa mageti. Ku Fourways nyumba zambiri zili m'mipanda yokhala ndi alonda, ndipo sulowa osaonetsa laisensi ndi kutsimikiziridwa ndi mwini nyumba. Kwa mlendo m'dziko la eni, mapepala osalongosoka amatseka bizinesi pomwepo. Ndipo ndalama zonse zimene alamu anasunga zili m'galimoto imodziyi. Ikafa injini, sabata imeneyo lendi ya ku Cosmo City ndi fizi ya ana ku Mzimba zimadikira. Galu mmodzi akavulala, mbiri imayenda pa magulu a WhatsApp a m'deralo dzuwa lisanalowe.

Pobwerera, mvula yamabingu ya masana itayamba, ndinawafunsa ngati zoterezi zingayende ku Area 43 ku Lilongwe kapena ku Namiwawa ku Blantyre, kumene agalu achizungu aliko ndithu.

"Zingayende, alamu, koma asayambe n'kugula vani," anayankha. "Ayambe waphunzira kugwira galu woluma. Galimoto amagulitsa paliponse. Munthu woti amutsegulire geti n'kumusiyira galu wake ndiye amasowa."