Ndakatulo yothera pa 1971

Chidandikopa ku chipani cha Awami League cha ku Bangladesh ndi chiyankhulo. Chidabadwira ku Dhaka mu 1949, ndipo boma la Pakistan litakakamira Chiurdu, icho chidaima ndi anthu ofuna Chibengali chawo. Mlakatuli angalekerenji kuchikonda? A Sheikh Mujibur Rahman adachitsogolera mpaka ufulu mu 1971.

Koma abale, mu 1975 a Mujib omwewo adathetsa zipani n'kusiya chimodzi, nyuzipepala n'kutsala zinayi basi. Fungo limeneli timalidziwa ife amene makolo athu sankalowa mumsika opanda khadi lachipani. Asilikali adawapha mu Ogasiti chaka chomwecho. Mwana wawo, a Sheikh Hasina, adathawira ku India mu 2024, apolisi ataombera ophunzira m'misewu.

Ndakatulo yotamanda a Mujib ndidaiyamba kalekale. Ikafika pa 1971, cholembera chimakana kupitirira.