Akulu Amene Saona za Kumanzere

Sitiroko sipha dzanja ndi mwendo wokha ayi. Ena imawalanda theka la zimene amaona. Ubongo ukavulala mbali ya kumanja, munthu saonanso za kumanzere ndi maso onse awiri, ngakhale masowo ali abwinobwino.

Pamzikiti wathu kuno ku Mulanje pali akulu ena otere. Anthu ankawanena kuti ayamba matama chifukwa sapereka salamu kwa wowadutsa kumanzere. Miseche yosayenera Msilamu! Ine vutoli ndinaliona tikuwerenga Qur'an. Chiarabu chimalowera kumanzere, choncho liwu lotsatira linkawathawa.

M'chaka cha 2000, Dr Eli Peli wa ku Boston anafalitsa njira yomata timagalasi totchedwa prism pamwamba ndi pamunsi pa galasi la diso limodzi. Timakhotetsa kuwala, kotero njinga kapena munthu wochokera mbali yosaonekayo amaonekera msanga. Sitichiritsa, ndipo ntchito yake ndi ya poyenda, osati powerenga.

Ana awo ndawauza kuti akafunse kwa madokotala a maso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Pakali pano akuluwo akuwerenga chala chikuwatsogolera pamzere.