Buku lozondoka ndi Chingerezi cha Fomu 4

Ndimaphunzitsa Chingerezi kusekondale, ndipo pali kagawo kena ka galamala kamene ndimakakonda kwambiri, kamene mabuku amakatcha progressive infinitive. Kapangidwe kake sikavuta: "to", kenaka "be", kenaka mneni wothera ndi "-ing". To be waiting. To be reading. Ana amakopera zimenezi m'kope mosachedwa, koma kukopera si kumva.

Choncho ndimaitanira mnyamata mmodzi kutsogolo, n'kumupatsa buku mozondotsa, n'kumuuza kuti aliyang'anitsitse. Ndikafunsa kalasi kuti mnzawoyu akutani, onse amakuwa pamodzi: "He is reading!" Ine ndimangoloza chikuto cha bukulo. Phwete! Wina kumbuyo amati, "Aphunzitsi, akungonamizira ameneyo." Pamenepo m'pomwe ndimatola choko: He is pretending to be reading. Ntchitoyo ili mkati, sinathe, ndipo tikuitchula kudzera mwa mneni wina monga pretend, seem kapena appear.

Pomwe ndimakhalitsa ndi pa must, may ndi might, chifukwa apa "to" amachoka ndipo tanthauzo limatembenuka. He must work ndi lamulo. He must be working nthawi zambiri ndi kungoganizira. Chimandisangalatsa n'chakuti anawa kusiyana kumeneku anakumva kale pakamwa pa amayi awo. Mayi akati "ayenera kuphika", wina wapatsidwa ntchito. Akati "ayenera kuti akuphika", angoona utsi kukhitchini. Ndikanena zimenezi mitu imagwedera, ngakhale ya aja amakhala duu chaka chonse.

Tsiku lotsatira ndimabwera ndi nyuzi zakale za The Nation ndi The Daily Times kuti asakesake ziganizo zonga "is believed to be hiding". Mtolankhani sanamuone munthuyo akubisala, n'chifukwa chake walemba choncho. Mwana wodziwa kuwerenga zotere sanamizidwa msanga, ndipo ine zimenezo zimandikhudza kuposa mayeso, ngakhale ndikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE.

Akangokazolowera kagawoka, amafuna kukaika paliponse. Pochonga makope usiku ndimakumana ndi "he seems to be knowing". Aneni ngati know, own ndi belong amanena za momwe zinthu zilili, osati ntchito yomwe ikuchitika, ndiye "-ing" sakhalapo bwino. Ndimadula mzere ndi cholembera chofiira, n'kulemba pamwamba pake: he seems to know. Kope limenelo ndimaliika padera kuti m'mawa ndikayambe ndi mwini wake.