Funsa kulemera kwa failo usanaitsitse

Ku Soweto Market palibe amene amanyamula thumba la makala asanamve mtengo. Koma pafoni timangodina batani lotsitsa failo osadziwa kuti idya ma megabyte angati. Timazindikira bundle itatha kale, uthenga wa Airtel, MTN kapena Zamtel utafika.

Ine ndimadzipereka pa wailesi ya m'dera, ndipo ntchito yanga ina ndi kuika mapulogalamu ojambulidwa pa tsamba lathu la intaneti, kuti amene anali kuntchito kapena analibe malaiti amvere pambuyo. Omvera athu mu komboni muno amagula bundle ya tsiku limodzi, ndalama yake yochotsa pa ya ndiwo. Pulogalamu ya maminiti 30 yojambulidwa pa 64 kbps imalemera 14.4 MB. Yomweyo pa 128 kbps ndi 28.8 MB. Munthu ayenera kuona nambala imeneyi asanadine.

Ubwino wake, seva imatha kunena yokha. Browser ikapempha failo, yankho limabwera ndi timizere tapamwamba totchedwa ma header, tofotokoza katunduyo asanatsitsidwe. Content-Type imanena mtundu wa failo, monga audio/mpeg. Content-Length imanena kukula kwake mu ma byte. Last-Modified imanena tsiku limene inasinthidwa komaliza.

Mu JavaScript mumagwiritsa ntchito fetch, ndipo njira yopemphera mumaika HEAD m'malo mwa GET. HEAD imabweretsa ma header chabe, mawu ojambulidwa amatsala ku seva, ndiye bundle siimva kuwawa. Yankho likafika mumalemba `response.headers.get('Content-Length')`, nambala yake n'kuigawa ndi 1,000,000, n'kuionetsa pafupi ndi batani. Zilembo zazikulu kapena zazing'ono pa dzina la header zilibe kanthu.

Manje pali pamene achinyamata ophunzira okha amagwira mutu. Mukatsegula Developer Tools pa kompyuta, pa Network, header mukuiona ndi maso anu. Koma script ikaifunsa, yankho ndi null. Si kuti mwalemba molakwika. Ngati failo ili pa seva ya adiresi ina, osati ya tsamba lanu, browser imatsata lamulo la CORS. Choyamba seva ija iyenera kukulolani kudzera mu Access-Control-Allow-Origin. Ikakulolani, script imaona ma header 7 okha: Cache-Control, Content-Language, Content-Length, Content-Type, Expires, Last-Modified ndi Pragma. Ena onse amabisika mpaka mwini seva awatchule mu Access-Control-Expose-Headers.

Ife a wailesi zimatikhudza maningi, chifukwa seva za Icecast zoulutsira mawu pa intaneti zimatumiza icy-br, header yonena liwiro la mawuwo. Siili pa mndandanda wa 7 uja, choncho pamafunika kulankhula ndi woyang'anira seva. Komanso pulogalamu imene ili pa mphepo nthawi yomweyo ilibe Content-Length, poti mathero ake sanafike. Script yanu ikonzekere null, ndipo pamenepo muuze womvera ma megabyte amene amapita pa ola limodzi.

Set-Cookie yokha script siingaiwerenge mu yankho ngakhale mupemphe bwanji, ndipo ine lamulo limeneli ndimaliyamikira. Foni imene mayi amamverera pulogalamu yathu ndi yomweyo imene amalowera pa Facebook ndi pa maakaunti ena. Mpanda umene umatichedwetsa ife olemba ma script ndi womwewo umene umatchinga wakuba.

Ngati mukupangira tsamba tchalitchi, timu ya bola kapena mnzanu woimba wa ku Chawama, onjezani kanambala aka pafupi ndi batani. Ndi mizere yochepa chabe. Wotsala ndi 20 MB adzasankha yekha ngati amvera lero kapena adikira mawa, ndipo sadzaopa kubweranso pa tsamba lanu.